Zothira mu fidi wa mabuloila: ziti zimakulitsadi nkhuku, ziti zikungokudyerani ndalama

Alimi anzanga, funso lomwe silimatha pakati pa ife oweta mabuloila ndi lakuti ndithire chani mu fidi kuti nkhuku zanga zikule msanga. Mayankho ake nde amakhala mbwee, wina akuti gulani busta (timapaketi tomwe amati timakulitsa nkhuku msanga), wina akuti cham'mwamba, wina adyo, wina yisiti, ena mpaka kufika potchula mankhwala a kuchipatala. Zimandipweteka mtima kuona munthu yemwe watenga ngongole ku banki m'khonde akutaya ndalama pa timapaketi, pomwe vuto lake lili m'thumba la chakudya momwemo. Chothira chilichonse chimakulitsa nkhuku pokhapokha ngati pali chomwe chikusowa m'thupi mwake. Ngati palibe chikusowa, ndalama zanuzo zingotuluka ndi zitosi basi.

Tiyambe tamvetsetsa kaye kuti buloila amakula msanga chifukwa chani, poti ambiri amaganiza kuti ndi mankhwala kapena mahomoni. Ayi, ndi mtundu. Akatswiri a ku University of Alberta ku Canada anatulutsa kafukufuku mu 2014, anatenga mtundu wa buloila wa mu 1957, wa mu 1978 ndi wa mu 2005, nkuzidyetsa chakudya chimodzimodzi. Pa masiku 56 ya 1957 ija inalemera magalamu 905, ya 1978 magalamu 1,808, ya 2005 magalamu 4,202. Chakudya chomwecho, popanda jakisoni aliyense. Nde nkhuku ya mtundu wa Cobb 500 kapena Ross 308 yomwe mwagula ija inabadwa kale ndi mphamvu yokula, ntchito yanu ndi kuipatsa zomangira thupi zokwanira komanso kuchotsa zomwe zikuibweza mmbuyo.

Musanagule chothira china chilichonse gulani sikelo, kasikelo ka digito ka kukhitchini kaja kokhoza kuyeza magalamu. Mwanapiye wa tsiku limodzi amalemera magalamu 40 mpaka 45, ndipo akakwana masiku 7 akuyenera kuchulukitsa kulemerako kanayi kapena kupitirirapo, tinene magalamu 180 mpaka 200. M'mabuku a makampani opanga mitunduyi nkhuku imafika pafupifupi 2.2 kg pa tsiku la 35 ndi kuyandikira 3 kg pa tsiku la 42, koma zimenezo ndi za m'makola oti chilichonse chili m'malo mwake. M'makola athuwa mukapeza 2 kg kapena kuposerapo pa masabata 6 ine ndimati mwagwira ntchito. Sabata iliyonse tsiku lomwelomwelo gwirani nkhuku 10 mosasankha, osati zonenepa zokhazokha, yezani nkulemba m'kope. Popanda zimenezi simungadziwe ngati chomwe mwathira chathandiza, muzingoyendera maso, ndipo maso amanama makamaka nkhuku zikayamba kudzaza nthenga.

Tsopano oweta tili m'magulu awiri. Ngati mumagula fidi wopangidwa kale, kaya wa CP Feeds kaya wa Proto kaya wina aliyense wodalirika, dziwani kuti mavitamini, mchere, laimu ndi zina zonse zilimo kale pa mlingo wake. Sitata (fidi woyambira wa anapiye) amakhala ndi mapuloteni cha m'ma 22 pa 100, gulowa (wokulitsira) cha m'ma 20, finisha (womalizira) 18 mpaka 19. Kuthiramonso premix (ufa wa mavitamini ndi timichere) pamwamba sikuwonjezera kukula, ndipo zina monga mchere ndi vitamini D zikachuluka zimadwalitsa. Chomwe chimaononga kwambiri gulu limeneli ndi kusakaniza fidi ndi madeya kuti thumba lichedwe kutha. Madeya ali ndi mapuloteni cha m'ma 10 pa 100 okha ndi makoko ambiri, nde mukasakaniza theka ndi theka gulowa wa 20 uja watsika kufika cha m'ma 15, mavitamini nawo atsika ndi theka. Nkhuku zizioneka zokhuta koma sikelo siisuntha, muzisunga masabata 8 kapena 9 mmalo mwa 6, chakudya chomwe mumati mwapulumutsa chija chidyedwabe, nkuwonjezerapo makala, magetsi ndi nthawi yanu. Zikatere munthu amathamangira kukagula busta, chonsecho vuto ndi madeya aja.

Gulu lachiwiri ndi la osakaniza okha, ndipo achuluka chigwereni kwacha ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023 mitengo ya fidi itakwera. Kwa inu zothira si nkhani yosankha ayi, popanda izo chimanga ndi soya sizingakulitse buloila. Langizo langa loyamba, sitata gulani wopangidwa kale. Masabata awiri oyambirira mwanapiye mmodzi amadya pafupifupi theka la kilo, nde anapiye 100 ndi thumba limodzi la 50 kg ndi kapang'ono, ndalama yake si yoti mungaikire moyo wa anapiye pachiswe. Mwanapiye akapinimbira sabata yoyamba savuta kumuzindikira mpaka tsiku logulitsa. Kusakaniza yambani ndi gulowa.

Pa gulowa wa 100 kg mutha kuyika chimanga chogaya 60 kg, soya cake (soya wofinyidwa mafuta) 31 kg, usipa wogaya 2 kg, mafuta ophikira 3 kg. Zatsala 4 kg, ndipo nkhani yonse ya kukula yagona pa 4 kg imeneyi: laimu 1.3 kg, MCP (ufa wa fosifolasi ndi kashiamu) 1.4 kg, mchere magalamu 300, premix ya mabuloila magalamu 300, methionine magalamu 300, lysine magalamu 200, toxin binder (wogwira poizoni wa chuku) magalamu 200. Pa finisha kwezani chimanga kufika 65, soya atsike kufika 28, mafuta 3.5, usipa muchotse kuti nyama isamveke fungo la nsomba, laimu ndi MCP muchepetseko pang'ono. Mlingo wa premix ndi binder umasiyana malingana ndi kampani, ena ndi 2.5 kg pa tani ena 5 kg, nde zomwe zalembedwa pa thumba ndi zomwe zipambane manambala angawa.

Pa zonsezi chomwe anthu amakonda kusiya ndi methionine, amati kaufa koyera kochepa chonchi kangasinthe chani. Koma mu chakudya cha chimanga ndi soya, methionine ndi amene amayamba kuperewera, kenako lysine. Nkhuku imamanga mnofu ndi tizigawo ta mapuloteni tosiyanasiyana, kamodzi kakatha ntchito imaima ngakhale tina tonse titadzaza, zili ngati mmisiri yemwe njerwa ali nazo mulu koma simenti yamuthera. Zizindikiro zake nthenga zimachedwa kumera ndipo zimakhala zonyankhalala, nkhuku zimajomphana nkumadya nthenga za zinzake, chidali chimakhala chopyapyala koma m'mimba mafuta tho. Ogula akagwira pachifuwa nkupeza fupa amakana mtengo. Lysine nayenso ndi wa mnofu wa pachidali pomwepo. Ngati ndalama zavuta moti mukuyenera kusankha, siyani zina zonse za m'mapaketi koma awiriwa ndi premix asasowe.

Premix ndi mavitamini ndi timichere tating'onoting'ono monga zinki, manganese ndi selenium. Akasowa mumaona pa miyendo ndi pa khosi. Zala zopindikira mkati mwanapiye nkumayendera zigongono ndi kusowa kwa vitamini B2. Kupindira mutu kumbuyo ngati akuyang'ana kumwamba kutha kukhala B1, kudzandira nkumagwa chagada kutha kukhala vitamini E, mwendo kukhotera kunja pa bondo nthawi zambiri ndi manganese kapena choline. Koma chenjerani, chitopa nachonso chimapotoza khosi, nde ngati zikufa zambiri nthawi imodzi musalimbane ndi mavitamini, itanani alangizi a ziweto msanga. Pogula onetsetsani kuti ndi premix ya mabuloila osati ya zamazira, muonenso deti yake. Mavitamini amatha mphamvu ndi kutentha ndi chinyezi, premix yomwe yakhala padzuwa pa benchi miyezi yambiri mwina yangotsala fumbi. Kunyumba isungeni yomanga bwino, pamalo pozizira ndi pamdima.

Laimu ndi MCP ndi za mafupa, kashiamu ndi fosifolasi. Buloila amanenepa msanga kuposa mmene mafupa ake amakhwimira, nde ziwirizi zikaperewera pofika sabata yachitatu kapena yachinayi muona zina zikungokhala pansi, kulephera kufika pa chakudya, mlomo wofewa wopindika mukaugwira. Chonde chonde, laimu wake ndi wa miyala yogaya wa chakudya cha ziweto, osati laimu wopaka nyumba uja, ameneyo amaotcha m'kamwa ndi m'matumbo. Ndipo musapatse mabuloila chakudya cha nkhuku zamazira poti chatsika mtengo, muli kashiamu pafupifupi kanayi kuposa yemwe buloila amafuna ndipo amaononga impso. Mchere nawo yezani, musatape ndi dzanja. Ukachuluka nkhuku zimamwa madzi kwambiri, utuchi umanyowa, ndipo utuchi wonyowa ndi komwe matenda a m'matumbo amayambira. Ngati usipa wanu ndi wothira mchere chepetsani wa pa sikelo. Pali chinanso chotchedwa phytase chomwe chimathandiza nkhuku kupeza fosifolasi yemwe ali mu chimanga ndi soya, ndi chabwino ndithu koma mlingo wake ndi wochepa kwambiri moti ndi fosholo simungaugawe bwino, bola kugula premix yomwe ili nacho kale.

Kasakanizidwe ndi komwe ambiri amagwera. Magalamu 300 simungangowathira pa mulu wa 100 kg nkutembenuza kawiri, nkhuku zina zidya ochuluka zina osalawa nkomwe, nde muzidabwa kuti bwanji khola limodzi zina zikuluzikulu zina ngati nkhunda. Tengani tating'onoting'ono tonse muike mu beseni limodzi ndi ufa wa chimanga 2 kg, sakanizani ndi manja mpaka mtundu ufanane. Onjezerani ufa wina 5 kg, sakanizaninso, kenako 10 kg. Mukatero yalani chimanga ndi soya pa simenti youma kapena pa lona, wazani zosakaniza zija pamwamba ponse, nkumasamutsa mulu wonse ndi fosholo kuchoka mbali ina kupita ina kosachepera kanayi. Mafuta yambani mwawafikisa mu ufa pang'ono kuti asapange zibuma. Chimanga chisagayidwe ngati ufa wa nsima, chikhale cha misere pang'ono, ufa wosalala nkhuku zimadya movutika komanso tating'ono tija timatsalira pansi pa chodyera. Sakanizani woti atha m'masabata awiri kapena atatu, makamaka nthawi ya dzinja.

Amene mukugwiritsa ntchito soya wa m'munda mwanu, musayerekeze kumupereka wamuwisi. Soya wosaphika ali ndi zinthu zomwe zimatsekereza kugayika kwa mapuloteni m'matumbo, nkhuku zimadya koma osakula, zitosi nkumamatirira kumbuyo, ndipo palibe chothira chomwe chingakonze zimenezo. Mukazingeni mpaka afiire pang'ono ndi kumveka kafungo ka mtedza wokazinga, mukatafuna chisamveke chiwisi. Koma asapserere, kupserera kumapha lysine. Soya wokazinga ali ndi mafuta ake pafupifupi 18 pa 100 ndipo mapuloteni ndi otsikirapo kusiyana ndi soya cake, nde mumaika wochulukirapo nkusiya mafuta ophikira.

Nkhani ya chuku ndiikhalirepo pang'ono chifukwa ndi mbava yomwe siioneka. Tili ndi chizolowezi chakuti chimanga chabwino ndi cha anthu, chowola ndi chofumbwa ndi cha nkhuku. Kwa buloila chizolowezi chimenechi ndi choopsa. Poizoni wa chuku wotchedwa aflatoxin anadziwika mu 1960 pomwe nkhukundembo zoposa 100,000 zinafa ku England zitadya chakudya cha mtedza wochokera ku Brazil. Amaononga chiwindi, nkhuku zimasiya kudya bwino, kukula kumaima, ndipo chitetezo chimatsika moti ngakhale katemera wa chitopa ndi Gumboro sagwira bwino. Mukapha nkhuku nkupeza chiwindi chotuwa chachikasu chofumbutuka, ganizirani chakudya. Toxin binder ndi dothi lapadera lomwe limagwira poizoniyu m'matumbo kuti atuluke ndi zitosi, ndipo ine ndimaona kuti kwa osakaniza okha ndi wofunika, makamaka kuyambira Disembala mpaka Epulo pomwe chimanga cha pamsika chimakhala chakale komanso chinyezi chili paliponse. Koma binder sagwira mitundu yonse ya poizoni wa chuku, ndipo si chilolezo chogulira zowola. Nunkhizani chimanga ndi madeya musanagule, matumba aziikidwa pa matabwa osati pansi, zotsalira za mtedza wofinya mafuta muzisamale nazo koposa.

Za m'madzi zija, ma stress pack ndi mavitamini a m'mapaketi, zili ndi nthawi yake. Anapiye akangofika atayenda mtunda wautali apatseni masiku atatu kapena asanu oyambirira, kenako mukapereka katemera, mukawasamutsa, kapena kukatentha. Si za tsiku ndi tsiku mpaka kugulitsa. Muli shuga, nde zomwera zimachita ndere msanga, tsukani tsiku lililonse. Tsiku la katemera wa m'madzi musaphatikize ndi china chilichonse ndipo madzi ake akhale opanda kolorini. Mwezi wa Okutobala ndi Novembala kwa anzathu a ku Nsanje, Chikwawa, Mangochi, Salima ndi Karonga, kutentha kumayandikira madigiri 40 pomwe buloila wamkulu amasangalala cha m'ma 20 mpaka 24. Nkhuku ikayamba kupuma wefuwefu kukamwa kuli yasa imasiya kudya, apa vitamini C ndi ma electrolyte amathandizadi. Koma ziyendere limodzi ndi madzi ozizira osinthidwa pafupipafupi, mpweya wolowa bwino, kuchepetsa nkhuku m'khola, ndi kudyetsa m'mamawa ndi madzulo mmalo mwa masana dzuwa lili paliwombo.

Zitosi za magazi pa sabata yachitatu mpaka yachisanu nthawi zambiri ndi coccidiosis, tizilombo tomwe timakanda matumbo moti ngakhale nkhuku itachira siikulanso ngati zinzake. Fidi wambiri wogula amakhala kale ndi mankhwala oteteza monga salinomycin kapena monensin, koma wosakaniza nokha alibe pokhapokha premix yanu ikhale nawo, werengani pa thumba. Mankhwala amenewa asaphatikizane ndi antibayotiki wotchedwa tiamulin, nkhuku zimalumala kapena kufa, komanso ndi poizoni kwa abulu ndi akavalo. Ngati mukuchiza ndi amprolium imikani kaye mavitamini a m'madzi okhala ndi B1 mpaka mumalize, chifukwa B1 amafooketsa mankhwalawo.

Tsopano maantibayotiki. Ndi zoona kuti cha m'ma 1950 akatswiri awiri, Thomas Jukes ndi Robert Stokstad, a kampani ya Lederle ku America anapeza kuti timankhwala tochepa ta mtunduwu mu chakudya timakulitsa anapiye, ndipo dziko lonse linatengera. Koma zotsatira zake ndi tizilombo tosamva mankhwala. Sweden inaletsa mu 1986, mayiko a European Union analetsa kuyambira Januwale 2006, ndipo bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO mu 2017 linalangiza kuti kupatsa ziweto zosadwala maantibayotiki pofuna kuzikulitsa kuthe. Timapaketi tambiri tomwe timagulitsidwa ngati busta mukawerenga kumbuyo mupeza muli antibayotiki wotchedwa oxytetracycline, nde munthu akumwetsa nkhuku mankhwala masabata onse osadziwa. Tsiku lomwe zidzadwaledi mankhwalawo sadzagwira, ndipo nyama yake akudya ndi ana athu omwe. Maantibayotiki ndi ochizira nkhuku zodwala, pa mlingo wake, masiku ake, dokotala wa ziweto ataona, ndipo dikirani masiku omwe alembedwa pa paketi musanagulitse. Za ma ARV nde ndikupempha ndi mtima wonse, tisayerekeze kuwapatsa nkhuku. Ku Uganda nkhani imeneyi inafika mpaka ku nyumba ya malamulo mu 2023. Mankhwala amenewo ndi moyo wa abale athu, ndipo kuwaika mu nyama yomwe anthu adye osadziwa ndi kulakwira mtundu wonse. Mapiritsi olera nawonso chimodzimodzi, sakulitsa buloila.

Nanga zachilengedwe zija? Sindikuzinyoza ayi, koma tizidziwa malire ake. Masamba a cham'mwamba ouma ali ndi mapuloteni cha m'ma 25 pa 100 ndi mavitamini, amapangitsanso khungu ndi miyendo kuoneka yachikasu zomwe ogula ena amakonda. Umitsani pamthunzi, sinjani, ikani 2 kapena 3 kg pa 100 kg. Mukapyola 5 nkhuku zimayamba kuchepetsa kudya ndipo kukula kumatsika, nde cham'mwamba sichingalowe mmalo mwa soya. Adyo, jinja, yisiti, viniga ndi ma probiotic ntchito yake ndi kusamalira matumbo, kafukufuku wina amaonetsa kusintha pang'ono wina osaonetsa kanthu, ndipo nthawi zambiri phindu limaonekera m'makola momwe nkhuku zili pa mavuto kale. Palibe mwa zimenezi chomwe chingateteze chitopa, katemera asadumphidwe. Chomwe ine ndikuchiona kuti chili ndi tsogolo ndi mphutsi za ntchentche yakuda ija ya black soldier fly, zouma zimakhala ndi mapuloteni cha m'ma 40 pa 100 ndi mafuta ambiri, a bungwe lofufuza za tizilombo la icipe ku Nairobi achitapo kafukufuku wambiri, ndipo zitha kulowa mmalo mwa usipa womwe tikulimbirana ndi anthu pamsika. Koma nazonso ndi chakudya cha mapuloteni, premix ndi laimu zikufunikabe.

Wina akakuuzani kuti chakutichakuti chimachita zodabwitsa, musakangane naye komanso musathire khola lonse. Gawani khola pakati ndi waya, mbali iliyonse nkhuku zofanana chiwerengero ndi msinkhu, zodyera ndi zomwera zofanana, chakudya chimodzimodzi, kusiyana kukhale chothira chokhacho ndipo muyese chimodzi pa nthawi. Lembani makilo a chakudya omwe mbali iliyonse yadya ndi zomwe zafa. Pomaliza yezani nkhuku zonse za mbali iliyonse nkugawa makilo a chakudya ndi makilo a nkhuku. Mwachitsanzo ngati nkhuku 50 zadya 200 kg ndipo zonse pamodzi zikulemera 105 kg, ndiye kuti kilo imodzi ya nkhuku yatenga 1.9 kg ya chakudya. Mbali inayo ikakhala pa 1.8, pa makilo 105 omwewo mwapulumutsa chakudya pafupifupi 10 kg, nde yerekezani mtengo wa 10 kg imeneyo ndi ndalama yomwe munagulira chothira chija. Kusiyana kukakhala kochepa bwerezaninso ndi anapiye otsatira, musinthe mbali za khola, chifukwa nthawi zina mbali ina imangokhala yozizira bwino kapena yowala kuposa inzake.